Kuchoka Pasukulu Kukafika Pawodi: Malangizo kwa Namwino Amene Wangomaliza Maphunziro

Namwino amene wangomaliza kumene maphunziro amakumana ndi chinthu chosautsa kwambiri: tsiku ndi tsiku amamva kuti zipatala zikusowa anamwino, pomwe iye ali pakhomo ndi mapepala ake m'manja, miyezi ikupita, makalata ake ofunsira ntchito osayankhidwa. Zinthu ziwirizi n'zoona zonse, ndipo munthu akapanda kumvetsa mmene zimakhalira limodzi amayamba kudziona ngati wolephera pa zinthu zimene si vuto lake. Malangizo otsatirawa ndi a inu amene muli m'nyengo imeneyi, kuyambira tsiku limene zotsatira za mayeso zatuluka kufikira miyezi yoyamba pawodi.

Yambani ndi kumvetsa kumene kusowako kuli

Lipoti limene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2025 linasonyeza kuti mu 2023 padziko lapansi panali anamwino 29.8 miliyoni, kuchoka pa 27.9 miliyoni mu 2018, koma anali kuperewerabe ndi 5.8 miliyoni. Lipoti lomwelo linati anamwino pafupifupi 78 pa 100 aliwonse ali m'mayiko amene mumakhala anthu osakwana theka la anthu onse padziko. Choncho kusowa kwa anamwino sikunafalikire mofanana: kwinaku n'kochepa, kwinaku n'koopsa.

Chinthu chimene ambiri sauzidwa ali pasukulu n'chakuti kusowa kwa anamwino ndi kupezeka kwa ntchito ndi nkhani ziwiri zosiyana. Kusowako amakuwerengera poyang'ana kuchuluka kwa anthu ndi matenda awo, pomwe ntchito imalembedwa pokhapokha pali ndalama zolipira munthuyo mwezi ndi mwezi, chaka ndi chaka. Chipatala chikhoza kukhala ndi wodi imene namwino mmodzi akuyang'anira odwala ambirimbiri usiku wonse, koma osakhala ndi chilolezo chowonjezera ngakhale munthu mmodzi pa mndandanda wa olandira malipiro. N'chifukwa chake m'mayiko ambiri osauka mumapezeka anamwino ophunzira bwino ali pa ulova pamene odwala akudikira pa mzere. M'mayiko olemera vuto limabwera mwanjira ina: mipata ilipo, koma olemba ntchito amafuna munthu wozolowera kale, amene angalowe m'chipinda cha odwala mwakayakaya kapena cha opaleshoni sabata yomweyo, osati wofunika kumuphunzitsa miyezi ingapo. Ndipo kulikonse, zipatala za m'mizinda ikuluikulu zimalandira makalata ochuluka kuposa mipata, pamene zakumudzi zimasowa wofunsira.

Mukamvetsa zimenezi, funso lanu lisinthe. Musamangofunsa kuti ntchito ituluka liti, koma muzifunsa kuti ndani ali ndi ndalama zolembera anthu pakali pano, ali kuti, ndipo akusowa luso lanji. Mayankho ake ndiwo akuuzeni kumene mungatumize makalata.

Malizitsani za kaundula ndi laisensi musanachite china chilichonse

Sitifiketi ya kusukulu payokha sikupatsani ufulu wogwira wodwala. Pafupifupi dziko lililonse lili ndi bungwe loyang'anira ntchito ya unamwino, limene limalemba anamwino m'kaundula ndi kupereka laisensi, ndipo m'mayiko ambiri pamakhala mayeso apadera a bungweli. Lembetsani mayeso amenewa pa mpata woyamba umene wapezeka, zimene munaphunzira zisanayambe kuzilala m'mutu. Ngati mwalephera ulendo woyamba, funsani gawo limene munagwerapo ndipo mulembetsenso msanga, pakuti wolemba ntchito amaona ngati laisensi ilipo kapena palibe, ndipo nthawi zambiri safunsa kuti munalemba kangati.

Kenako sonkhanitsani mapepala onse mufayilo imodzi: sitifiketi, chikalata chosonyeza maphunziro onse amene munachita ndi mmene munakhozera, laisensi, chiphaso chanu, buku limene aphunzitsi ndi anamwino ankasainira muli pa maphunziro a m'mawodi, ndi makalata a anthu okuchitirani umboni. Jambulani chilichonse ndipo musunge zithunzizo pamalo awiri, mwachitsanzo mufoni ndi mu imelo yanu. Onetsetsani kuti dzina lanu lalembedwa mofanana pa mapepala onse, chifukwa chilembo chimodzi chosiyana chikhoza kuchedwetsa zinthu kwa miyezi, makamaka mukadzafuna kugwira ntchito m'dziko lina. Makalata aumboni apempheni tsopano, aphunzitsi ndi akuluakulu a mawodi akadakukumbukirani nkhope. Pakatha zaka ziwiri adzakhala ataona ophunzira ena mazanamazana, ndipo kalata imene angakulembereni idzakhala yozizira.

Musalole manja aiwale

Apa ndi pamene ndikufuna mukhalepo pang'ono, chifukwa ndi pamene ambiri amaluzira popanda kuzindikira. Unamwino uli m'mutu, koma ulinso m'zala. Kupeza mtsempha pa dzanja la mwana amene watha madzi m'thupi, kuwerengera madontho a dilipi pa mphindi, kumva kugunda kwa mtima wa mwana ali m'mimba, kutembenuza wodwala wolemera popanda kumupweteka kapena kudzipweteka msana, zonsezi zimachoka pang'onopang'ono munthu akakhala miyezi osazichita. Woyang'anira wodi wozolowera amazindikira m'mphindi zochepa ngati munthu wakhala kutali ndi odwala: amaona mmene akugwirira kanula (kachubu kolowetsa mumtsempha polumikiza dilipi), mmene akuzengerezera asanabaye, ndi mmene maso ake akufunafuna wina womuuza chochita.

Choncho funani njira iliyonse yovomerezeka yokhalira pafupi ndi odwala. Ntchito yakanthawi yolowa m'malo mwa amene ali pa tchuthi, ntchito ya katemera, yosamalira odwala kunyumba, ya m'chipatala chaching'ono cha munthu wamba, kapena yothandiza pa kafukufuku wa zaumoyo, zonsezi zimasunga luso ndipo zimalembeka pa CV. Kugwira ntchito mongodzipereka nakonso kumathandiza, koma pamenepa ndikuchenjezeni mwamphamvu. Musayambe popanda kalata yochokera kwa akuluakulu a chipatalacho yonena kuti akukudziwani, yotchula amene azikuyang'anirani ndi tsiku limene kudziperekako kuthere. Popanda kalata imeneyi, chinthu chikalakwika pa wodwala mudzapezeka muli nokha, ndipo laisensi imene ili pangozi ndi yanu. Komanso dziikireni malire a miyezi, chifukwa chipatala chimene chazolowera kulandira ntchito yaulere sichifulumira kulemba munthu. Ndikuona kuti si chilungamo kuti wodi iziyenda chaka chathunthu ndi manja a anthu osalipidwa, ndipo inu simukuyenera kuchita manyazi kunena kuti nthawi imene munagwirizana yatha.

Khalani ndi kabuku kolembamo zimene mwachita: tsiku, mtundu wa ntchito, ndi siginecha ya wokuyang'anirani, popanda kutchula mayina a odwala. Ngati mpata ulipo, chitani maphunziro aafupi othandiza munthu amene mtima kapena kupuma kwaima, a kapewedwe ka matenda opatsirana m'chipatala, kapena a chisamaliro cha ana obadwa kumene. Sankhani maphunziro amene bungwe loyang'anira anamwino limawavomereza, pakuti pa intaneti pali ambiri ogulitsa masitifiketi opanda ntchito.

Lembani CV ndi kalata zimene zikuonetsa namwino, osati wophunzira chabe

CV ya munthu wongomaliza sukulu isapitirire masamba awiri. Pamwamba ikani dzina, nambala ya laisensi ndi njira zokupezerani, kenako maphunziro, kenako mawodi amene munadutsamo. Ambiri amangolemba kuti anachita maphunziro a m'chipatala, koma mawu amenewa sauza wowerenga chilichonse. Tchulani wodi iliyonse, masabata amene munakhalamo ndi zimene munachita ndi manja anu: ngati munathandiza amayi kubereka, nenani kuti angati, ngati munasamalira odwala ochokera ku opaleshoni, nenani zimene munkayang'anira. Musawonjezere chimene simunachite, chifukwa pa intavyu adzakufunsani za chomwecho, ndipo pawodi adzakusiyirani wodwala poganiza kuti mumadziwa.

Kalata yofunsira ntchito ikhale ya malo amenewo okha. Kalata imodzi yotumizidwa ku zipatala 20 imadziwika ndi mmene ikumvekera. Werengani bwino chilengezo cha ntchito, onani zimene akufuna, ndipo muyankhe zomwezo m'ndime zitatu kapena zinayi. Mupatseni munthu wina aiwerenge musanatumize.

Tambasulani malo ofunira

Ngati mukungoyang'ana chipatala chachikulu cha mumzinda, mukupikisana ndi aliyense amene munali naye m'kalasi pamodzi ndi amene anamaliza zaka zam'mbuyo. Yang'ananinso zipatala za mipingo, za mabungwe othandiza anthu, za makampani, za m'masukulu ndi m'ndende, nyumba zosamalira okalamba, malo osamalira odwala matenda a maganizo, ndi zipatala zazing'ono zakutali. Ntchito ya kumudzi ili ndi zovuta zake zenizeni, monga kusowa kwa zipangizo ndi kutalikirana ndi abale, koma imaphunzitsa msanga kuposa wodi ya mumzinda, chifukwa namwino amaona matenda amitundumitundu ndipo amayenera kuganiza yekha. Chofunika kufunsa musanavomere n'chakuti kodi kudzakhala namwino wina wozolowera amene mungamufunse, pakuti kukhala nokhanokha pachipatala m'chaka choyamba n'koopsa kwa inu ndi kwa odwala.

Auzeni anthu kuti mukufuna ntchito. Mipata yambiri yakanthawi siilengezedwa n'komwe; woyang'anira wodi amangofunsa anzake ngati akudziwa wina wodalirika. Lowani m'bungwe la anamwino la m'dziko lanu, chifukwa kumeneko ndi kumene nkhani za kulemba ntchito zimafika msanga, ndiponso ndi kumene mungapeze thandizo mukakumana ndi mlandu pantchito. Koma aliyense amene akukuuzani kuti mupereke ndalama kuti dzina lanu lilowe pa mndandanda wa olembedwa, mumukane nthawi yomweyo ndipo musunge uthenga wake ngati umboni.

Konzekerani intavyu ngati mmene mumakonzekerera shifiti

Mafunso ambiri a intavyu ya namwino amakhala a zochitika. Akhoza kukuuzani kuti muli nokha usiku, wodwala wina amene anachitidwa opaleshoni masana wayamba kutuluka thukuta lozizira, mtima ukugunda mofulumira ndipo BP yatsika, pomwe wina akukuwa ndi ululu ndipo wachibale wa wachitatu akufuna kulankhula nanu, ndiye mungayambe ndi ndani. Amene akufunsawo safuna kuti mutchule dzina la matenda mwachangu; akufuna aone ngati mumadziwa kuyamba ndi amene moyo wake uli pangozi, kuona njira ya mpweya, kupuma ndi kuyenda kwa magazi motsatana, kuitana thandizo msanga, ndi kulemba zimene mwachita. Yesezani kuyankha mokweza mawu ndi mnzanu mpaka mayankho azituluka mwadongosolo. Bwerezaninso kawerengedwe ka mlingo wa mankhwala, chifukwa malo ambiri amapereka mayeso olemba pa zimenezi, ndipo kulakwitsa kadontho kamodzi pa nambala kumachulukitsa mlingo kakhumi.

Akakufunsani chimene simukudziwa, nenani kuti simukudziwa ndipo mufotokoze kumene mungakafunse. Namwino watsopano wodziwa malire ake ndi wotetezeka kuposa wodziyesa wodziwa zonse, ndipo oyang'anira mawodi amadziwa zimenezi bwino lomwe.

Funsani mafunso anu musanasaine

Munthu amene wadikira nthawi yaitali amafuna kusaina pepala lililonse limene lamuikidwa patsogolo, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake. Komabe werengani mgwirizano wonse, makamaka za kutalika kwake, nthawi yoyesedwa, maola a pa sabata, malipiro a usiku ndi a maola owonjezera, tchuthi, ndi zimene mudzayenera kubweza mukachoka nthawi isanakwane. Tengani kope lanu.

Mafunso awiri ndi ofunika kuposa ena onse. Loyamba: namwino mmodzi amasamalira odwala angati masana, nanga usiku? Funso limeneli si la ulesi. Kafukufuku amene Linda Aiken ndi anzake anafalitsa mu magazini ya The Lancet mu 2014, wochitika m'zipatala 300 za m'mayiko 9 a ku Ulaya, anapeza kuti wodwala mmodzi aliyense wowonjezeredwa kwa namwino ankakweza ndi 7 pa 100 chiopsezo chakuti wodwala wochitidwa opaleshoni amwalire pasanathe masiku 30. Ku California, m'dziko la America, lamulo loika malire pa zimenezi linayamba kugwira ntchito mu 2004, ndipo m'chipinda cha odwala mwakayakaya namwino mmodzi saloledwa kusamalira odwala oposa awiri. M'malo ambiri padziko malire otere kulibe, ndipo mwina simudzakhala ndi mwayi wosankha, koma kudziwiratu kumakuthandizani kukonzeka ndi kupempha thandizo kuyambira tsiku loyamba. Funso lachiwiri: kodi pali namwino wozolowera amene adzayende nanu m'masabata oyamba, ndipo kwa nthawi yaitali bwanji? Ngati mwapatsidwa malo awiri, ena olipira bwinopo koma okusiyani nokha usiku woyamba, ena olipira mocheperapo koma okhala ndi wokuphunzitsani, ine ndingakulangizeni kusankha achiwiriwo.

Ngati mukuganiza zopita kunja

Lipoti la WHO la 2025 linati namwino mmodzi mwa 7 aliwonse padziko akugwira ntchito m'dziko limene sanabadwiremo, choncho maganizo amenewa si achilendo ndipo si olakwika. Koma njira yake ndi yaitali ndiponso yodula. Ku Britain muyenera kulembetsa ku bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba la Nursing and Midwifery Council, kusonyeza kuti Chingelezi mumachidziwa, nthawi zambiri kudzera m'mayeso a IELTS kapena OET, kenako kulemba mayeso a pa kompyuta ndi ena a zochita ndi manja otchedwa OSCE. Ku America ndi ku Canada kuli mayeso a NCLEX-RN, ndipo ku America laisensi imaperekedwa ndi chigawo chilichonse pachokha. Malamulo amenewa amasinthasintha, choncho werengani pa tsamba la bungwe lenilenilo osati kungodalira zimene mwamva m'magulu a pa WhatsApp. Olemba ntchito ambiri akunja amafunanso munthu amene wagwirapo kale ntchito, zimene zikutanthauza kuti ngakhale wofuna kupita kunja ayenera kuyamba wapeza wodi kumene ali.

Dziwaninso kuti mu 2010 mayiko a mu WHO anagwirizana za mfundo zoyendetsera kulemba ntchito ogwira ntchito zaumoyo ochokera m'mayiko ena, ndipo mu 2023 bungweli linatulutsa mndandanda wa mayiko 55 amene ali ndi vuto lalikulu kwambiri la kuchepa kwa ogwira ntchito zaumoyo. Mndandanda umenewu suletsa munthu payekha kufunsira ntchito kunja, koma umalimbikitsa kuti makampani asamapite kukasaka anamwino m'mayiko amenewo. Ngati dziko lanu lili pa mndandandawo ndipo wina akubwera ndi malonjezo a ntchito yachangu, akufuna ndalama zambiri patsogolo, kapena akufuna kusunga pasipoti yanu, bwererani m'mbuyo. Onetsetsaninso kuti ntchito yotchulidwa mu mgwirizano ndi ya unamwino weniweni, chifukwa alipo amene anafika kunja n'kupeza kuti alembedwa ngati othandizira chabe, pa malipiro otsika, ali ndi ngongole yoti abweze.

Miyezi yoyamba pawodi

Ntchito ikapezeka, musadabwe ngati chimwemwe cha masabata oyamba chasanduka mantha ndi kutopa. Zimenezi zimachitikira anamwino atsopano ambiri, moti Marlene Kramer, namwino wa ku America, anazifufuza ndi kuzilemba kale mu 1974. Kusukulu munkasamalira odwala ochepa mphunzitsi ali pambali panu. Tsopano belu likulira, mankhwala a 6 koloko sanaperekedwe, dokotala akufuna zotsatira za magazi, ndipo aliyense akuyang'ana inu.

Fikani msanga pang'ono kuti mulandire lipoti modekha, ndipo mukalandira yendani bedi ndi bedi kuona odwala ndi maso anu musanayambe china chilichonse, chifukwa amene wanenedwa kuti wagona bwino akhoza kukhala atayamba kupuma movutikira. Lembani pa kapepala ka m'thumba zoyenera kuchitika ola lililonse. Pa mankhwala musafupikitse njira ngakhale wodi itadzaza bwanji: onani dzina la wodwala, dzina la mankhwala, mlingo, njira yoperekera ndi nthawi, ndipo ngati zolemba za dokotala sizikuwerengeka, funsani m'malo moganizira. Mukalakwitsa, nenani nthawi yomweyo kwa woyang'anira wodi, wodwala akadathandizika. Mukaona kuti odwala achuluka kuposa mmene mungawasamalire bwino, dziwitsani wokuyang'anirani ndipo mulembe kuti mwamudziwitsa, nthawi yake ndi zimene wayankha.

Dzisamalireni nanunso. Landirani katemera wa matenda a chiwindi a hepatitis B ngati simunalandire, ndipo dziwani tsiku loyamba lomwelo kumene mungathamangire mukadzibaya ndi singano yogwiritsidwa kale ntchito, pakuti mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa mwamsanga, pasanathe maola 72. Mukachoka ku shifiti ya usiku, gonani musanayambe zina, ndipo musavomere mashifiti owonjezera motsatizana chifukwa chongoopa kukana.

Pomaliza, lembani pamalo ooneka tsiku limene laisensi yanu ikutha, ndipo musunge umboni wa maphunziro aliwonse owonjezera amene mwachita m'chakacho, chifukwa mabungwe ambiri oyang'anira anamwino amaufuna pokonzanso laisensi. Pakatha miyezi 6, pemphani woyang'anira wodi akhale nanu pansi, akuuzeni zimene mukuchita bwino ndi zimene zikufunika kukonza, ndipo zimene wanenazo muzilembe m'kabuku kanu komwe kaja.